BP ya mwana, ya wamkulu ndi ya gogo: kodi nambala yabwino imasintha ndi zaka?

Pali tchati china chimene anthu amakonda kutumizirana m'mafoni. Mbali ina analembapo zaka za munthu, mbali inayo analembapo BP imene akuti ndiyo yoyenera pa msinkhu umenewo, ndipo nambala zake zimakwera pang'onopang'ono zaka zikamachuluka. Palinso lamulo lakale limene achikulire ena amalikumbukabe, lakuti nambala yapamwamba ya BP izikhala 100 kuphatikiza zaka zako. Potengera lamulo limeneli, munthu wa zaka 70 akapezeka ndi 170 ndiye kuti zonse zili bwino. Ndiye gogo apite kuchipatala, namwino awayeze n'kupeza 160/88, dokotala n'kuwauza kuti abwerenso tsiku lina, ndipo ikakapezekanso choncho ayamba mankhwala. Gogo amabwerera kunyumba ali kakasi: tchati chikuti ali bwino, dokotala akuti ayi.

Chisokonezochi chimabwera chifukwa chosakaniza mafunso awiri. Loyamba ndi lakuti, kodi anthu ambiri a msinkhu wakutiwakuti amapezeka ndi BP yotani? Lachiwiri ndi lakuti, kodi BP imene siwononga thupi ndi iti? Kwa ana, mayankho a mafunso awiriwa amayendera limodzi. Kwa akuluakulu amasiyana, ndipo zaka zikamapita kusiyanako kumakulirakulira.

## Chimene makina amayeza

Mtima umagunda maulendo pafupifupi 100,000 pa tsiku. Pogunda paliponse umafinya, n'kukankhira magazi m'mitsempha imene imawafikitsa m'thupi monse. BP, imene timaitchulanso kuti kuthamanga kwa magazi, ndi mphamvu imene magaziwo amakankhira m'mbali mwa mitsempha akamadutsa. Mphamvuyi imakwera pamene mtima wafinya, n'kutsika pamene mtima wamasuka kuti udzazenso magazi. N'chifukwa chake nambala zimakhala ziwiri. Yapamwamba, imene madokotala amati systolic, ndi ya nthawi yofinya. Yapansi, imene amati diastolic, ndi ya kanthawi kopuma kaja mtima usanagundenso.

Zilembo za mmHg zimene zimalembedwa pambali pa nambala zimatanthauza mamilimita a mercury, chitsulo chamadzimadzi chija chimene chinkakwera m'kagalasi ka makina akale. Lamba wopopa wa pamkono anamuyambitsa ndi dokotala wa ku Italy, Scipione Riva-Rocci, mu 1896. Mu 1905 dokotala wa ku Russia, Nikolai Korotkoff, anasonyeza kuti ukamamvetsera mtsempha lamba uja akamaphwa, pamamveka kaphokoso kamene kamayamba pa nambala yapamwamba n'kuzilala pa nambala yapansi. Ndiko kumene namwino amatchera khutu akaika chomvetsera kutsogolo kwa chigongono chanu. Makina a mabatire safuna khutu la munthu, koma ambiri amaonetsa nambala yachitatu m'munsi, ndipo imeneyi yasokoneza anthu ambiri. Imeneyo si BP, ndi kuchuluka kwa maulendo amene mtima ukugunda pa mphindi. Mtima ukhoza kumagunda modekha, maulendo 70 pa mphindi, BP ili 170.

Kuti timvetse chimene chimakweza BP, taganizirani pampu yolumikizidwa ku paipi ya labala. Madzi amakankha mwamphamvu m'paipimo pa zifukwa zitatu: pampu ikamapopa kwambiri, madzi akachuluka, kapena paipi ikapanikizika kapenanso kuuma. M'thupi, pampu ndi mtima. Kuchuluka kwa madzi zimayang'anira ndi impso, zimene zimasankha mchere ndi madzi oti zisunge ndi oti zitaye mumkodzo. Paipi ndi mitsempha, imene ili ndi timinofu totha kuifinya kapena kuimasula. Nkhani yonse ya BP ndi msinkhu yagona kwambiri pa paipi imeneyi.

## Kwa ana, msinkhu umasinthadi nambala

Khanda lobadwa kumene limakhala ndi nambala yapamwamba ya pakati pa 60 ndi 90, nambala imene kwa munthu wamkulu ikanachititsa madokotala kuthamangathamanga. Kwa khandalo n'zabwinobwino: thupi ndi laling'ono, magazi sayenda mtunda wautali, ndipo mitsempha ndi yofewa kwambiri. Mwana wa chaka chimodzi kapena ziwiri amakhala cha pakati pa 85 ndi 105. Wa zaka 6 mpaka 9 amakhala cha pakati pa 95 ndi 115. Akamafika pa unamwali, nambala zake zimakhala zikuyandikira za akuluakulu.

Manambalawa ndi ongopereka chithunzi, chifukwa madokotala a ana sagwiritsa ntchito malire amodzi. Amayang'ana zinthu zitatu: zaka za mwana, ngati ndi mnyamata kapena mtsikana, ndi kutalika kwake. Mwana wamtali amakhala ndi BP yokwererapo kuposa mnzake wamfupi wobadwa naye chaka chimodzi, ndipo onse awiri angakhale ali bwino. Njira yake ili motere. Tiyerekeze kuti mwasonkhanitsa atsikana 100 a zaka 8, otalika mofanana, n'kuwandandalika kuyambira wa BP yotsikitsitsa mpaka wa BP yokweretsetsa. Mwana amene nambala yake ikugwera pakati pa ana 90 oyambirira ali bwino. Amene ali pakati pa wa nambala 90 ndi wa nambala 95 ndi wofunika kumuyang'anitsitsa. Amene akugwera m'gulu la asanu omalizira, ndipo zapezeka choncho pa maulendo atatu osiyana, ndiye amanenedwa kuti ali ndi BP yokwera. Malangizo amene bungwe la madokotala a ana ku America linatulutsa mu 2017 amati mwana aziyezedwa kamodzi pachaka kuyambira ali ndi zaka 3, ndipo akakwanitsa zaka 13 ayambe kuyezedwa ndi malire a akuluakulu.

Chinthu chimodzi chofunika kuchidziwa n'chakuti BP ikakwera mwa mwana wamng'ono, kawirikawiri pamakhala china chimene chaiyambitsa: matenda a impso, mtsempha waukulu wochokera kumtima umene unabadwa wopanikizika, kapena vuto la mahomoni. N'chifukwa chake dokotala sangangolemba mankhwala n'kumubweza mwanayo, amayamba wafufuza gwero lake. Kwa achinyamata osinkhukirapo, makamaka onenepa kwambiri, BP imayamba kukwera mofanana ndi ya akuluakulu, popanda nthenda ina yobisika. Komanso mwana ayenera kuyezedwa ndi lamba wa ana. Lamba wa bambo pamkono wa mwana wa zaka 5 amapereka nambala yabodza.

## Kwa akuluakulu, malire sasuntha ndi zaka

Munthu akakula, tchati cha zaka chimatha ntchito. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati munthu wamkulu ali ndi matenda a BP ngati, atayezedwa masiku awiri osiyana, nambala yapamwamba yafika 140 kapena kuposa, kapena yapansi yafika 90 kapena kuposa. Sikuti zonse ziwiri zikwere, imodzi yokha ndi yokwanira. Malire amenewa ndi amodzi kwa wa zaka 25, wa zaka 50 ndi wa zaka 75.

Apa pali kusiyana pakati pa akatswiri kumene kumawonjezera chisokonezo. Mu 2017, mabungwe awiri akuluakulu a madokotala a mtima ku America anatsitsa malire awo. Kwa iwo, BP yabwino ndi yosafika 120/80. Yapamwamba ikakhala pakati pa 120 ndi 129, yapansi isanafike 80, amati yayamba kukwera. Kuyambira 130 mpaka 139, kapena yapansi 80 mpaka 89, amati ndi matenda a BP a gawo loyamba, ndipo 140/90 kupita m'tsogolo ndi gawo lachiwiri. Ku Ulaya anasiya malire a matenda pa 140/90 pomwepo, ngakhale mu 2024 bungwe la madokotala a mtima kumeneko linaika gulu lapadera la anthu amene BP yawo ndi yokwererapo, yapamwamba 120 mpaka 139 kapena yapansi 70 mpaka 89. Choncho munthu wa 134/84 ku America angauzidwe kuti ali ndi matenda, ku Ulaya n'kuuzidwa kuti achenjere. Thupi ndi lomwelo, nambala ndi yomweyo.

A ku America amati kutchula vuto msanga kumadzutsa munthu asanavulale. Otsutsana nawo amati kutsitsa malire kumasandutsa anthu mamiliyoni ambiri kukhala odwala m'tsiku limodzi, pamene ambiri a iwo chiopsezo chawo n'chochepa. Koma mukayang'anitsitsa zimene dokotala amachitadi, mbali ziwirizi sizitalikirana kwambiri. Munthu wa 134/84 wopanda vuto lina, kulikonse amayamba wauzidwa kuti asinthe kadyedwe ndi kakhalidwe, osati kupatsidwa mapiritsi tsiku lomwelo. Mankhwala amabwera msanga kwa amene ali kale ndi matenda a mtima, shuga, matenda a impso, kapena amene anachitapo sitiroko.

Chimene chimachititsa kuti mkanganowu ukhalepo n'chakuti m'thupi mulibe mzere weniweni umene pansi pake pali mtendere, pamwamba pake pali ngozi. Mu 2002, ofufuza anaphatikiza zotsatira za akafukufuku 61 okhudza anthu pafupifupi 1 miliyoni. Anapeza kuti kwa anthu a zaka 40 mpaka 69, kuyambira pa 115/75, nambala yapamwamba ikakwera ndi 20, kapena yapansi ndi 10, chiopsezo chofa ndi sitiroko kapena matenda a mitsempha ya mtima chimawirikiza kawiri. Ndiye kuti 135 ndi yoopsa kuposa 115, 155 ndi yoopsa kuposa 135, n'kumapita choncho. Malire a 130 kapena 140 ndi malo amene anthu anagwirizana kuti apa tiyambe kuchitapo kanthu.

## Nanga bwanji imakwera munthu akamakula?

Tibwerere ku paipi ija. Ili yatsopano, pampu ikakankha madzi, labala amafutukuka pang'ono n'kulandira mphamvuyo, kenako amabwerera n'kuthandiza kukankha madzi kupita patsogolo. Ikakhalitsa n'kuuma, sifutukukanso. Mphamvu yonse ya pampu imagunda m'mbali nthawi imodzi, ndipo pampu ikapuma mphamvu imagwa msanga chifukwa palibe chobwezera. Mitsempha ikuluikulu ya munthu imachita chimodzimodzi. Zaka zikamapita, ulusi wotamuka wa m'mitsempha umatha mphamvu, mitsemphayo n'kuuma.

Zotsatira zake n'zochititsa chidwi, ndipo matchati a m'mafoni aja sazisonyeza. Nambala yapamwamba imapitirira kukwera mpaka ukalamba. Yapansi imakwera mpaka munthu atafika zaka za m'ma 50, kenako imaima, n'kuyamba kutsika munthu akadutsa zaka za m'ma 60. N'chifukwa chake wachinyamata wa BP yokwera nthawi zambiri amapezeka ndi nambala ngati 135/95, pamene gogo amapezeka ndi 165/70. Gogoyo akaona 70 amatha kuganiza kuti theka la nkhani lili bwino. Komatu mpata waukulu pakati pa nambala ziwirizo ndi chizindikiro chakuti mitsempha yauma, ndipo kwa munthu wopitirira zaka 50 nambala yapamwamba ndi imene imalosera bwino za sitiroko ndi matenda a mtima.

Funso lotsatira ndi lakuti, ngati izi zimachitikira pafupifupi aliyense, bwanji osangozitenga ngati imvi? Madokotala nawonso ankaganiza choncho kwa nthawi yaitali. Ambiri ankakhulupirira kuti munthu wokalamba amafunika BP yokwera kuti magazi athe kudutsa m'mitsempha youma, ndipo kuitsitsa n'kumupha. Pulezidenti wa America, Franklin D. Roosevelt, anakhala zaka zingapo BP yake ikukwerakwera, panthawi imene mankhwala odalirika kunalibe. Anamwalira mu April 1945 ali ndi zaka 63, mtsempha utaphulika mu ubongo, ndipo tsiku limenelo BP yake inali 300/190. Patapita zaka zitatu, mu 1948, kafukufuku wamkulu anayamba m'tauni ya Framingham ku Massachusetts, wotsatira anthu masauzande kwa zaka zambiri. Kafukufukuyu anathandiza kwambiri kusonyeza kuti BP yokwera siteteza okalamba, koma imawabweretsera sitiroko ndi kufooka kwa mtima.

Umboni wina unachokera kutali ndi mizinda. Kafukufuku wotchedwa INTERSALT, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1988, anayeza anthu oposa 10,000 m'mayiko 32. Pakati pa anthu a mtundu wa Yanomami a ku Brazil, amene ankadya mchere wochepa kwambiri, okhala moyo wogwira ntchito ndi thupi ndiponso osanenepa, BP sinkakwera ndi zaka. Wachikulire ankapezeka ndi nambala zofanana ndi za wachinyamata. Izi zikusonyeza kuti gawo lalikulu la kukwera kumene timakuona sikuchokera ku zaka zokha, koma ku zimene thupi ladutsamo m'zaka zimenezo: mchere, kunenepa, mowa, fodya, kukhala pansi nthawi yaitali. Chibadwa nachonso chili ndi gawo lake, moti amene makolo ake anali ndi BP ayenera kuyamba kuyezetsa msanga.

Apa ndi pamene tchati chija chimasocheretsa. Nambala zina zimene chimaonetsa zingakhale zofanana ndi zimene zimapezekadi mwa anthu a msinkhu umenewo. Koma anthu a msinkhu umenewo ndi omwenso akugwidwa ndi sitiroko kwambiri.

## Okalamba kwambiri: pamene dokotala amayenda mosamala

Kunena kuti malire sasuntha sikutanthauza kuti gogo wa zaka 85 athandizidwe ndendende ngati munthu wa zaka 45. Chimene chimasintha si tanthauzo la BP yokwera, koma kuchuluka kwa mmene dokotala angaitsitsire popanda kubweretsa vuto lina.

Kuti kuthandiza okalamba kuli ndi phindu, zinatsimikizika. Kafukufuku wa HYVET, amene anatuluka mu 2008, anatenga anthu a zaka 80 kapena kuposa amene nambala yawo yapamwamba inali 160 kupita m'tsogolo. Amene anapatsidwa mankhwala, n'cholinga chofika pa 150/80, imfa pakati pawo zinachepa ndi 21 peresenti poyerekeza ndi amene sanapatsidwe. Mu 2015 kunatuluka kafukufuku wina wa ku America wotchedwa SPRINT, wa anthu oposa 9,000 a zaka 50 kapena kuposa. Anayerekeza kutsitsa nambala yapamwamba kufika pansi pa 120 ndi kuitsitsa kufika pansi pa 140. Gulu loyamba linakumana ndi mavuto ochepa a mtima ndiponso imfa zochepa, koma linakumananso kwambiri ndi BP yotsikitsa, kukomoka ndi kuvulala kwa impso. Ndipo mu kafukufukuyu munalibe odwala shuga, anthu amene anachitapo sitiroko, kapena okalamba ofooka okhala m'nyumba zosamalira okalamba.

Choncho mayiko amasiyana pa cholinga. Ku England, mwachitsanzo, malangizo amati wosafika zaka 80 atsitsidwe kufika pansi pa 140/90, ndipo wa zaka 80 kapena kuposa pansi pa 150/90. Kwina amalola kutsitsa kwambiri ngati wokalambayo ali ndi mphamvu ndipo mankhwala sakumuvuta. Dokotala wabwino sangoyang'ana chaka chobadwa. Pali a zaka 82 amene amayenda okha mtunda wautali, pali a zaka 72 amene amafunika kuwagwira dzanja podzuka.

Vuto limene amaliopa kwambiri ndi la BP kugwa munthu akaimirira. Munthu akadzuka, magazi amathamangira kumiyendo, ndipo thupi limayenera kufinya mitsempha nthawi yomweyo kuti ubongo usasowe magazi. Kwa okalamba, thupi limachedwa kuchita zimenezi. Nambala yapamwamba ikagwa ndi 20 kapena kuposa, kapena yapansi ndi 10, pasanathe mphindi zitatu chiimirireni, ndiye kuti vutoli lilipo. Gogo amadzuka usiku kuti akataye madzi, m'maso n'kuda bii, n'kugwa. Kuthyoka fupa la m'chiuno pa msinkhu umenewo si nkhani yaing'ono. Ndiye ngati achikulire a pakhomo akumwa mankhwala a BP ndipo akudandaula chizungulire podzuka, musawasiyitse mankhwala panokha. Kawauzeni achipatala, ndipo pemphani kuti awayeze atakhala pansi kapena atagona, kenako ataimirira. Podzuka aziyamba akhala kaye m'mphepete mwa bedi kwa kanthawi.

## Amayi, makamaka oyembekezera

Pa uchinyamata ndi zaka zapakati, amuna ambiri amakhala ndi BP yokwererapo kuposa akazi a msinkhu wawo. Mayi akasiya kusamba, BP yake imayamba kukwera mofulumirirapo, ndipo pa ukalamba akazi amawapeza amuna, mwinanso kuwapitirira. Mapiritsi ena olera, aja okhala ndi mahomoni awiri, amakweza BP mwa amayi ena, n'chifukwa chake amayamba ayeza asanapereke.

Mimba ili ndi malamulo akeake. Miyezi yapakati, BP imatsikako pang'ono, kenako imabwerera mwakale mayi akamayandikira kuchira. Ikafika 140/90 mimba itadutsa masabata 20, achipatala saitenga mopepuka ngakhale mayiyo akumva bwino. Ikabwera pamodzi ndi mapuloteni mumkodzo kapena zizindikiro zoti chiwindi, impso kapena ubongo zakhudzidwa, amaitcha pre-eclampsia, nthenda imene ingachititse mayi kukomoka n'kumagwedezeka ngati wakhunyu, ndipo ingaphe mayi ndi mwana yemwe. Nambala ya 160/110 kwa woyembekezera ndi yofunika chithandizo nthawi yomweyo. Mutu waukulu wosamva mankhwala, kuona zinthu mwachimbuuzi kapena tinyenyezi, kupweteka pansi pa nthiti chakumanja, kutupa nkhope ndi manja mwadzidzidzi: zimenezi si zodikira tsiku la sikelo. Nthendayi ikhozanso kubwera mayi atachira kale, m'masabata oyambirira. Ndipo mayi amene akumwa kale mankhwala monga enalapril kapena losartan auze dokotala akangoganiza zotenga mimba, chifukwa amenewa amavulaza mwana wosabadwa ndipo amafunika kusinthidwa.

## Nambala imodzi si chigamulo

BP siikhala malo amodzi. Imatsika munthu akagona, imakwera m'mawa, imakwera ukathamanga, ukakwiya, ukamva ululu kapena ukachita mantha. Choncho kayezedwe kake n'kofunika mofanana ndi nambala imene yatuluka, ndipo apa ndi pamene zinthu zambiri zimalakwika.

Taonani zimene zimachitika kawirikawiri. Munthu wafika akupuma wefuwefu, chikhodzodzo chili chodzaza chifukwa wakhala pamzere nthawi yaitali. Wakhala pampando wopanda choyedzamira, wapingasa miyendo, mkono uli lende, lamba amumanga pamwamba pa juzi, ndipo makina akupopa iye akuyankha mafunso. Chilichonse mwa zimenezi chimawonjezera manambala angapo, zina 10 kapena kuposa, ndipo zikaphatikizana munthu wabwinobwino amatuluka ndi nambala ya wodwala.

Kayezedwe koyenera n'kosavuta. Kwa mphindi 30 musanayezedwe, musasute, musamwe khofi, musachite zolimbitsa thupi. Yambani mwataya madzi. Khalani phee kwa mphindi zisanu, msana utayedzamira, mapazi onse ali pansi. Mkono ukhale patebulo, lamba ali pa mulingo wa mtima, atamangidwa pakhungu. Lambayo akhale wa saizi yanu: wamng'ono pamkono waukulu amakweza nambala, wamkulu pamkono wowonda amaitsitsa. Musalankhule. Yezani kawiri, kusiyanitsa ndi mphindi imodzi. Ulendo woyamba ndi bwino kuyeza mikono yonse iwiri, kenako n'kumagwiritsa ntchito umene wapereka nambala yokwererapo.

Pali anthu amene BP yawo imakwera akangoona yunifolomu ya achipatala, kunyumba ili bwinobwino. Palinso ena, ndipo awa ndiwo odetsa nkhawa, amene kuchipatala imaoneka yabwino koma kunyumba ndi kuntchito imakhala yokwera. Kuyeza kunyumba m'mawa ndi madzulo kwa masiku angapo, n'kumalemba m'kabuku, kumathandiza dokotala kusiyanitsa awiriwa. Dziwani kuti malire a kunyumba ndi otsikirapo: m'malangizo ambiri, 135/85 ya kunyumba imawerengedwa ngati 140/90 ya kuchipatala. Makina omanga pamwamba pa chigongono ndi odalirika kuposa a padzanja.

Ambiri amati, "Ine ikakwera ndimaimva, mutu umandipweteka." Zoona zake n'zakuti BP yokwera nthawi zambiri siimveka. WHO inayerekezera kuti mu 2024 anthu pafupifupi 1.4 biliyoni a zaka 30 mpaka 79 anali nayo, ndipo pafupifupi theka sankadziwa n'komwe. Ikuwononga mwakachetechete mitsempha ya mu ubongo, ya m'maso ndi ya mu impso, ndipo mtima ukukhuthala chifukwa chopopa molimbana. Pa chifukwa chomwechi, amene wayamba mankhwala n'kupeza nambala yabwino asaganize kuti wachira. Nambalayo ndi yabwino chifukwa mankhwala akugwira ntchito.

Zothandiza kuitsitsa n'zodziwika: mchere wosapitirira magalamu 5 pa tsiku, womwe ndi pafupifupi sipuni yaing'ono imodzi, kuwerengera ndi wobisika m'zakudya zogula zokonzeratu, masamba ndi zipatso zambiri, kuchepetsa thupi ngati lapitirira, kuyenda ndawala kapena ntchito ina yotulutsa thukuta mphindi 150 pa sabata, kuchepetsa mowa ndi kusiya fodya. Mankhwala opha ululu monga ibuprofen ndi diclofenac amakweza BP akamamwedwa pafupipafupi, ndipo okalamba odwala nyamakazi amawamwa kwambiri osadziwa zimenezi.

## Yotsika, ndi yokwera moopsa

Nambala yosafika 90/60 imawerengedwa kuti ndi yotsika, koma payokha si matenda. Achinyamata ambiri, makamaka atsikana owonda ndi anthu ochita masewera, amakhala cha pamenepo moyo wawo wonse ali athanzi. Imakhala nkhani ikabwera ndi chizungulire, kufooka kapena kukomoka, kapena ikagwa mwadzidzidzi mwa munthu amene akutaya magazi, akutsegula m'mimba kwambiri kapena ali ndi malungo aakulu. Zikatero ndi zothamangira kuchipatala. Kwa mwana wa chaka chimodzi mpaka zaka 10, madokotala ali ndi kawerengedwe kachidule: zaka zake kuchulukitsa kawiri, kuphatikiza 70. Nambala yapamwamba ikatsika kuposa pamenepo, mwachitsanzo pansi pa 80 kwa mwana wa zaka 5, ndiye kuti yatsika moopsa.

Kumtunda, nambala yofunika kuikumbukira ndi 180/120. Mukaipeza koma simukumva chilichonse chachilendo, khalani phee mphindi zisanu n'kuyezanso. Ikakhalabe pomwepo, onanani ndi achipatala tsiku lomwelo, ndipo musamwe mapiritsi owirikiza kuti muigwetse msanga, chifukwa kuigwetsa mwadzidzidzi kungachititse ubongo kusowa magazi. Koma ikabwera ndi kupweteka pachifuwa, kubanika, kufooka kapena dzanzi mbali imodzi ya thupi, kukhota pakamwa, lilime kulemera, kusaona bwino, kusokonezeka maganizo kapena mutu woopsa umene simunaumvepo, musadikire kuyezanso. Zizindikiro za sitiroko monga zimenezi n'zofunika kuthamangira nazo kuchipatala ngakhale makina atasonyeza nambala yabwino, kaya munthuyo ali ndi zaka 30 kaya 80.